Kodi Akhristu akale ankati Chisilamu ndicho chilombo cha m'masiku otsiriza?

Funso: Ndine mayi wa Mvano kuno ku Balaka. Pa msonkhano wa chitsitsimutso mwezi watha, mlaliki wina ananena kuti Akhristu akale atangoona Chisilamu anazindikira kuti ndicho chilombo cha m'buku la Chivumbulutso, ndipo anati mabuku awo alipo mpaka lero. Ine mng'ono wanga anakwatiwa ndi Msilamu, ndipo ana ake ndimawatenga ngati anga. Kodi mabuku amenewo alikodi? Nanga amati chiyani?

Yankho: Mayi, mabukuwo aliko, pamenepo mlalikiyo sanakunamizeni. Ine ndimaphunzitsa mbiri ya mpingo, ndipo ena mwa mabukuwo timawawerenga m'kalasi chaka ndi chaka. Koma ndikukayika ngati iye anawatsegulapo, chifukwa akanapezamo zinthu zosakoma kuzilalikira pa chitsitsimutso. Ngakhale buku la Chivumbulutso limene walitchulalo silimveka kwenikweni m'zolembazi. Ambiri mwa alembi ake anali Akhristu oyankhula Chisiriya, mphukira ya Chiaramu chija ankayankhula Yesu, ndipo Baibulo lawo lotchedwa Peshitta linalibe Chivumbulutso n'komwe. Iwo ankatsamira pa Danieli, Ezekieli, Mateyu 24 ndi 2 Atesalonika 2.

Kuti mumve kulira kwawo, yambani mwaona chimene chinawagwera. Kuchokera mu 602 mpaka 628, ufumu wa Aroma wa kum'mawa, umene likulu lake linali Constantinople, unkamenyana ndi Aperisiya. Mu 614 Aperisiya analanda Yerusalemu, napha anthu ochuluka, natenga mtengo umene Akhristu ankakhulupirira kuti ndi mtanda weniweni wa Yesu. Mfumu Heraclius anawagonjetsa pambuyo pake, ndipo mu 630 anabwezera mtandawo ku Yerusalemu ndi mwambo waukulu. Anthu anapumira m'mwamba, nati Mulungu waonetsa mbali imene ali. Patangopita zaka 6, mu 636, asilikali a Heraclius yemweyo anathyoledwa ndi Aluya pa mtsinje wa Yarmouk. Pofika 638 Yerusalemu anali m'manja mwa khalifa Umar, mtsogoleri wa Asilamu, pofika 642 Alexandria ya ku Egypt inali itapita, ndipo mu 651 ufumu wa Aperisiya unatheratu. Mwana amene anaona mtanda ukubwerera anali asanamere imvi pamene dziko lonse limene ankalidziwa linasintha eni.

Kugonja pa nkhondo si chinthu chachilendo. Chimene chinawasokoneza mutu chinali chiphunzitso chawo chomwe. Kwa zaka mazana aphunzitsi a mpingo ankati maufumu anayi a m'buku la Danieli anathera pa Roma, ndipo pambuyo pa wachinayi palibenso ufumu wina wa anthu, koma wa Mulungu. Tertullian, mphunzitsi wakale wa mpingo, ndi ena ankatinso "woletsa" uja wa pa 2 Atesalonika 2, amene akutsekereza munthu wosayeruzika, ndi ufumu wa Roma. Ndiye taganizani: pa kalendala yawo panalibe malo a ufumu watsopano. Roma akagwa, chotsatira ndi Wokana Khristu. Choncho ataona Aluya akupambana, funso lawo loyamba silinali lakuti "anthuwa amakhulupirira chiyani?" Linali lakuti "kodi ino ndi nthawi yanji?"

N'chifukwa chake m'zolemba zoyambirira simupezamo mawu akuti Chisilamu kapena Asilamu. Amawatchula kuti Asaraseni, ana a Hagara, ana a Ismayeli, kapena Tayyaye, kuchokera ku dzina la fuko lina la Aluya. Ankaona mtundu wa anthu a m'chipululu umene wabwera ndi nkhondo, ndipo Korani sanali kuidziwa.

Sophronius, mkulu wa mpingo ku Yerusalemu, analalikira pa Khirisimasi ya 634 mumzinda momwemo chifukwa njira ya ku Betelehemu, ulendo wa maola awiri okha wapansi, inali itatsekedwa ndi ankhondo achiluya. Ulalikiwo ulipo. Amawanena Asaraseniwo mawu owawa, inde, koma chala chake chikuloza anthu akewo: izi zatigwera chifukwa cha machimo athu, tikalapa lupanga lawo lidzabuntha. Pa ulaliki wina wa pambuyo pake anatchula "chonyansa cha kupululutsa" chija cha kwa Danieli. Nthawi yomweyo Maximus, mmonke wophunzira kwambiri, analemba m'kalata kuti zimene zikuchitikazi zikusonyeza kuti Wokana Khristu ali pafupi. Palinso kabuku ka Chigiriki kotchedwa Doctrina Jacobi, konena za Ayuda a ku Carthage amene Heraclius anawabatiza mokakamiza. Mmenemo muli imodzi mwa nkhani zakale kwambiri zochokera kwa anthu osakhala Asilamu zonena za mneneri amene waonekera pakati pa Asaraseni. Nkhalamba ina yodziwa malemba itafunsidwa za iye inayankha kuti ndi wonyenga, pakuti aneneri sabwera ndi lupanga.

Mlaliki wanu akafuna pogwira, pogwira pake ndi mbiri ya Chiameniya ya cha m'ma 660 imene imadziwika ndi dzina la Sebeos. Mlembi ameneyu ndiye anasiya chiphunzitso chakale n'kunena poyera kuti chilombo chachinayi cha pa Danieli 7, cha mano achitsulo chija, ndi ufumu wa Ismayeli wochokera kum'mwera. Koma werengani masamba ena a buku lomwelo. Akufotokoza Muhammad monga wamalonda amene anaphunzitsa anthu ake kudziwa Mulungu wa Abrahamu, kusiya mafano, kusadya nyama yofa yokha, kusamwa vinyo, kusanama ndi kusachita chigololo. Kwa Danieli chilombo ndi ufumu, boma la nkhondo ndi msonkho. Babulo anali chilombo, Agiriki anali chilombo, ndipo kwa aphunzitsi ambiri Roma yemwe anali chilombo ngakhale mafumu ake atabatizidwa. Mawuwo sankanena za mayi wophika nsima m'nyumba ya Msilamu.

Zaka za m'ma 680 ndizo zinabala zolemba zoopsa zedi. Asilamu anali pa nkhondo yapachiweniweni yolimbirana ukhalifa, ndipo mu 686 ndi 687 kumpoto kwa Mesopotamia kunagwa mliri ndi njala. Mmonke wina, John bar Penkaye, anaona mitembo ili ngundangunda m'misewu yosowa woikwirira. Analemba kuti akudziwa kuti mapeto a nthawi afika, ndipo chatsala ndi chimodzi chokha, kubwera kwa Wonyenga uja. Komabe iye yemweyu anayamikira mtendere wa m'masiku a khalifa Muawiya, nati Aluya ankangofuna msonkho, aliyense n'kumusiya m'chipembedzo chake. Mkwiyo wake waukulu anausungira mabishopu a mpingo wake, amene ankawaona kuti ndi adyera ndi okonda maudindo.

Tsopano tifike pa buku limene linaposa onse. Limadzitcha masomphenya a Methodius, bishopu amene anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro cha m'ma 311. Koma Methodius sanalilembe. Linalembedwa m'Chisiriya cha m'ma 691, kudera la phiri la Sinjar kumpoto kwa Iraq wa lero, ndi munthu amene anabisala m'dzina la wakufa kalekale. N'chifukwa chake timalitcha Pseudo-Methodius, kutanthauza Methodius wongonamizira. Ophunzira anga amafunsa kuti timadziwa bwanji. Njira yake ndi yosavuta: mumatsata "ulosiwo" n'kuona pamene ukulondola ndi pamene wayamba kusochera. Bukuli "limalosera" molondola kubwera kwa ana a Ismayeli kuchokera ku Yathrib, amene ndi Medina, kugwa kwa Aperisiya, ndi kulemera kwa msonkho. Likafika cha m'ma 692 limayamba kunena zinthu zimene sizinachitike. Pamene pathera kulondolapo ndi pamene mlembi anakhala pansi ndi cholembera.

Chinamutokosa n'chiyani? Khalifa Abd al-Malik, amene analamulira kuyambira 685 mpaka 705, anali akupambana nkhondo yapachiweniweni ija. Anachititsa kalembera, aliyense n'kukalembetsa kwawo, kuti msonkho wa pamutu utoleredwe mosaphonya. Ndipo pa phiri pamene panali Kachisi ku Yerusalemu anamanga Dome of the Rock, nyumba ya denga lobulungira ija mumaiona pa zithunzi, imene chaka chake cholembedwa pakhoma chimagwera mu 691 ndi 692. M'kati mwake analembamo mawu a m'Korani oyankhula ndi Akhristu mwachindunji, akuti Mesiya Yesu mwana wa Mariya anali mtumiki wa Mulungu, ndipo musanene kuti atatu. Apa Akhristu anazindikira kuti alendowa sakupita, ndiponso kuti ali ndi chipembedzo chawochawo chimene chikupikisana ndi chawo. Anthu anayamba kulowa Chisilamu. Mlembiyo akudandaula yekha kuti ambiri adzakana Khristu popanda kukakamizidwa, popanda kukwapulidwa, popanda kuzunzidwa. Bala lake linali limenelo.

Mankhwala ake anali kuwauza anthu kuti pirirani pang'ono, izi zili ndi malire. Anati Ismayeli ndi bulu wakuthengo uja wa pa Genesis 16:12, ndipo anatulukapo kale m'chipululu m'masiku a Gideoni n'kubwezedwa. Anati Mulungu sanawalole kulowa chifukwa chowakonda, koma chifukwa cha zonyansa zimene Akhristu akuchita, ndipo machimowo amawatchula mosapsatira. Anati adzatolera msonkho kwa amasiye ndi ana amasiye, ngakhale kwa akufa ali m'manda. Koma ulamuliro wawo udzakhala wa masabata 10 a zaka, ndiye kuti zaka 70. Mukawerenga kuyambira 622, chaka chimene Muhammad anasamukira ku Medina, mufika 692. Mlembiyo ankauza anthu ake kuti chipulumutso chatsala miyezi.

Chipulumutsocho chinali chotere. Ana a Ismayeli akadzadzitama kuti Akhristu alibe mpulumutsi, mfumu ya Agiriki, ndiye kuti ya ku Constantinople, idzadzambatuka ngati munthu amene vinyo wamuthera m'mutu, n'kuwagonjetsa. Padzakhala mtendere. Kenaka zipata za kumpoto zimene amati Alexander Wamkulu, mfumu yakale ya Agiriki, anatsekeramo Gogi ndi Magogi zidzatseguka, mitundu yodya zonyansa idzasefukira, mpaka mngelo adzaiwononga. Mfumu ija idzakhala ku Yerusalemu zaka 10 ndi theka. Pomaliza idzakwera pa Gologota, n'kuvula chisoti chake chachifumu, n'kuchiika pamwamba pa mtanda, n'kutambasula manja kumwamba kupereka ufumu kwa Mulungu Atate. Mtanda udzakwera kumwamba ndi chisoticho, mfumu n'kufa. Pamenepo m'pamene Wokana Khristu adzaonekere.

Taonani bwino apa, mayi. M'buku lotchuka kwambiri la mtundu umenewu, Wokana Khristu si Mluya ndipo si Msilamu. Amabwera ana a Ismayeli atachoka kale, ndi wa fuko la Dani, wobadwira ku Korazini, wokulira ku Betsaida, wolamulira ku Kapernao. Ana a Ismayeli ndi chikwapu chabe ndi ng'anjo yoyesera okhulupirika. Mlembiyo anachita dala kuwachepetsa chotere, pofuna kuteteza chiphunzitso chakale chakuti ufumu wotsiriza ndi wa Aroma. Ndiye Sebeos ndi Pseudo-Methodius, olekana zaka 30 zokha, akutsutsana pa mfundo yeniyeni imene mlaliki wanu anati Akhristu akale anagwirizana.

Pali kanthu kena m'bukuli kamene kamandisangalatsa monga munthu wa ku Africa. Kutambasula manja kwa mfumu kuja kukuchokera pa Salimo 68:31, pamene pamati Kusi, ndiye Ethiopia, adzatambasulira manja ake kwa Mulungu. Mlembiyo akuvomereza kuti atsogoleri ambiri a mpingo m'masiku ake ankati vesili likunena za ufumu wa Ethiopia, kusonyeza kuti ena ankayembekezera mpulumutsi kuchokera kwa mfumu yachikhristu ya mu Africa. Iye sanafune zimenezo. Anapeka mzere wa makolo wakuti mayi wake wa Alexander anali mwana wa mfumu ya Ethiopia, kuti mafumu a Agiriki akhale adzukulu a Kusi, vesi n'kukhala lawo. Vesi lomweli ndilo linadzakhala mbendera ya mipingo ya anthu akuda yodziimira payokha, monga Ethiopian Church imene Mangena Mokone anayambitsa ku Pretoria mu 1892. Aliyense wopanikizika amalipeza vesi limeneli.

Chaka cha 692 chinafika n'kudutsa. Mfumu ya Agiriki sinadzambatuke, m'malo mwake asilikali ake anagonja kwa Abd al-Malik pa Sebastopolis. Munthu angaganize kuti buku lolephera chotere likanatayidwa kudzala. Ayi ndithu. Linamasuliridwa m'Chigiriki mwamsanga, ndipo chisanafike chaka cha 730 linali kale m'Chilatini. Okopera ankasintha manambala ndi mayina a malo kuti agwirizane ndi mdani wa m'nthawi yawo. Ku Spain, Paul Alvarus wa ku Cordoba analemba mu 854 kuti Muhammad ndi kalambulabwalo wa Wokana Khristu, ndipo mu 883 mlembi wina kumpoto kwa dzikolo anawerengetsera kuchokera kwa Ezekieli kuti ulamuliro wa Asilamu utha chaka chotsatira. Granada, ufumu wotsiriza wa Asilamu ku Spain, inagwa mu 1492, patapita zaka zoposa 600. Constantinople, kwawo kwa mfumu yopulumutsa ija, inagwa m'manja mwa Aturuki, amene anali Asilamu, mu 1453. Martin Luther anati Aturuki ndiwo kanyanga kakang'ono ka pa Danieli 7. Aturuki atazinga Vienna mu 1683, zigawo za Pseudo-Methodius zinasindikizidwanso kulimbitsa anthu mtima. Ndipo kumasulira kwakuti dzombe ndi apakavalo a pa Chivumbulutso 9 ndi Aluya ndi Aturuki, kumene ndikuganiza kuti ndiko mlaliki wanu anatola, kunafala pakati pa Apulotesitanti zaka mazana ambiri pambuyo pa Sophronius. Mlaliki Josiah Litch ku America anafika poika tsiku, 11 August 1840, kuti mphamvu ya Aturuki ithe. Ufumu wawo unatha mu 1922.

Si Akhristu onse a m'zaka zoyambirira zija amene ankalemba za chimaliziro. Mpingo unali wogawikana kuyambira pa msonkhano wa ku Chalcedon mu 451, ndipo Akhristu ambiri a ku Syria ndi Egypt anazunzidwapo ndi mafumu achikhristu a ku Constantinople. Mwambo wa mpingo wa Chisiriya umene Michael wa ku Syria anadzaulemba m'zaka za m'ma 1100 umati Mulungu anabweretsa ana a Ismayeli kuti awalanditse m'manja mwa Aroma. Ishoyahb Wachitatu, mtsogoleri wa Mpingo wa Kum'mawa amene anamwalira mu 659, analemba m'kalata kuti Aluya salimbana ndi Chikhristu, amalemekeza ansembe ndi oyera mtima, ndipo amathandiza matchalitchi ndi nyumba za amonke. Chimene chinkamuwawa n'chakuti Akhristu a ku Oman anasiya chikhulupiriro pofuna kusunga theka la chuma chawo. John wa ku Damasiko, amene bambo ake anali mkulu wa zachuma m'boma la makhalifa, anatchadi chikhulupiriro cha ana a Ismayeli kuti kalambulabwalo wa Wokana Khristu, koma anachiika pa mndandanda wa ziphunzitso zopotoka, ndipo dzina lomwelo ankapatsanso Akhristu anzake amene ankasiyana nawo pa za Khristu. Mu 781 Timothy Woyamba, wa mpando womwe uja wa Ishoyahb, anakambirana masiku awiri ndi khalifa al-Mahdi ku Baghdad. Sanagonje pa za Utatu kapena za mtanda, koma atafunsidwa za Muhammad anati anayenda m'njira ya aneneri, chifukwa anachotsa anthu ake ku mafano.

Maganizo anga ndi awa. Zolembazi ndimazilemekeza monga kulira kwa anthu amene anaona zoopsa zenizeni. Nkhondo zija zinapha anthu, ena anatengedwa ukapolo, msonkho unali wolemera, ndipo sitiyenera kubisa zimenezo pofuna kukometsa nkhani. Koma si Malemba, palibe mpingo umene unaziika m'Baibulo, ndipo paliponse pamene zinaika chaka, chakacho chinazitsutsa. Zimatiuza zambiri za mantha a m'busa amene nkhosa zake zikuchepa, koma zochepa kwambiri za chimene Msilamu amakhulupirira. Munthu wozigwiritsa ntchito lero polozera chala anansi ake wazitembenuza, pakuti eni ake ankayamba ndi kuloza mpingo wawo. Mukadzakumana ndi mlalikiyo, mufunseni mwaulemu kuti buku lake ndi liti, linalembedwa chaka chanji, ndipo linati mapeto afika liti.

Ndipo mukakacheza kwa mng'ono wanu, afunseni alamu anuwo za masiku otsiriza. Mudzadabwa kumva kuti nawonso akuyembekezera wonyenga wamkulu, amene amamutcha Dajjal, ndi Gogi ndi Magogi, amene amawatcha Yajuj ndi Majuj. Adzakuuzaninso kuti wodzapha Dajjal ndi Isa mwana wa Mariamu, amene adzatsikira pa nsanja yoyera kum'mawa kwa Damasiko. Mzikiti waukulu wa mumzindawo unamangidwa ndi al-Walid, mwana wa Abd al-Malik uja, pamalo pamene panali tchalitchi cha Yohane Mbatizi, ndipo imodzi mwa nsanja zake mpaka lero imatchedwa nsanja ya Isa.